Buku la Dale Carnegie ndi Nzeru ya Kukopa Anthu

Mnyamata kapena mtsikana akatsiriza sukulu ndi kulowa nchito, posacedwa amaona kuti masamu ndi Cingerezi sizikwanira. Kalaliki ayenera kupempha kanthu kwa mkulu wace, wogulitsa m'sitolo ayenera kukopa wogula, ndipo kapitao ayenera kugwiritsa nchito anthu amene mwina samkonda. Zimenezi siziphunzitsidwa m'kalasi. Cifukwa cace ambiri amafuna thandizo m'mabuku, ndipo buku lochuka kopambana pa nkhani imeneyi ndilo la Dale Carnegie, lochedwa How to Win Friends and Influence People, ndiko kunena kuti njira zopezera abwenzi ndi zokopera anthu. Buku lotere liyenera kuyesedwa bwino, pakuti wowerenga sangoliwerenga cabe ai, koma amakacita zimene walimva, ndipo amazicita pa anthu anzace.

Carnegie anabadwa m'caka ca 1888 ku Missouri, m'dziko la Amereka, ndipo anali mwana wa mlimi wosauka. Ali mnyamata anayenda m'midzi kugulitsa nyama ya nkhumba, mafuta ndi sopo za kampani ya Armour. M'caka ca 1912 anayamba kuphunzitsa anthu acikulire ku New York kulankhula pamaso pa khamu, ndipo buku lace, limene linasindikizidwa m'caka ca 1936, linacokera m'maphunziro amenewo. Nthawi imeneyo inali ya mabvuto akuru ku Amereka. M'caka ca 1933 pafupifupi munthu mmodzi mwa anai alionse ofuna nchito analibe nchito. Munthu woopa kucotsedwa amafunitsitsa kudziwa mokondweretsera bwana, motero bukulo linagulidwa msanga ndi anthu osawerengeka. Mwini wace anamwalira m'caka ca 1955, koma buku likali kusindikizidwa m'zinenero zambiri.

Zabwino zace ziyenera kuchulidwa poyamba, pakuti ziri zambiri. Carnegie alemba momveka, ndipo phunziro lirilonse aliika m'nkhani ya munthu. Alangiza wowerenga kuti azikumbukira maina a anthu, azimvetsera koposa kulankhula, azibvomera msanga akalakwa, ndiponso kuti asacititse mnzace manyazi pa gulu. Nkhani yace yokoma kopambana ndi ya Abraham Lincoln. Itatha nkhondo ya ku Gettysburg m'caka ca 1863, mkulu wa asilikari, dzina lace Meade, analekerera adani kuoloka mtsinje wa Potomac osawathira nkhondo. Lincoln anamlembera kalata yomdzudzula, koma sanaitumize. Inapezeka pakati pa mapepala ace iye atamwalira. Phunziro lace nlakuti munthu aziyamba waziziritsa mtima asanadzudzule mnzace. Wowerenga amene anakulira m'mudzi sadzadabwa nazo izi, popeza akuluakulu amati kukana nsalu ya akulu nkuviika. Ulemu pa kalankhulidwe suli wacilendo kwa iye.

Koma buku liri ndi cirema, ndipo cioneka wowerenga akayang'ana m'mene nkhani zace zithera. Zambiri zithera pa phindu la wokopayo: wina wagulitsa katundu wace, wina wacepetsedwera lendi, wina wapata nchito imene anali kuifuna. Za munthu wokopedwa uja sizimvekanso. Carnegie mwini anaona ngozi yace, cotero anena kawirikawiri kuti kutamanda mnzako kuyenera kucokera mumtima, ndipo asiyanitsa kuyamikira koona ndi kusyasyalika. Mau amenewa ngabwino. Komabe nkobvuta kuuza munthu kuti akonde mnzace ndi mtima wonse, ndi kumsonyeza pa tsamba lomwelo ndalama zimene cikondico cidzabala. Wophunzira wocenjera adzatola ndalamazo nasiya mtima. Ubwenzi wotere ndiwo uja amati cibwenzi ca nkhwangwa cikoma pokwera, potsika acitaya.

Nkhani ya Charles Schwab isonyeza bwino cirema cimeneci. Schwab anali mkulu wa nyumba zosungunulira zitsulo, ndipo pa nyumba ina anchito sanali kutulutsa zitsulo zokwanira. Iye anafunsa kuti gulu la usana lasungunula kangati tsiku limenelo, ndipo atamuuza analemba 6 pansi ndi coko, nacoka osanena kanthu. Gulu la usiku litaona linafafaniza ndi kulemba 7, ndipo la usana linabwezera ndi 10. Carnegie asimba zimenezi monga nzeru yaikuru, ndipo nzoona kuti Schwab sanatukwane munthu. Koma buku silinena ngati malipiro a anthu aja anakwera pamodzi ndi ciwerengero ca pansi paja. M'masiku amenewo anchito ambiri a zitsulo ku Amereka anali kugwira maola 12 pa tsiku pafupi ndi ng'anjo zamoto, ndipo mwambo umenewo unayamba kutha m'caka ca 1923. Munthu wolowa nchito ayenera kukumbukira kuti m'nkhani yotere iye sadzakhala Schwab. Adzakhala mmodzi wa aja ofafaniza coko.

Pali malangizo awiri amene ali oopsya kuposa ena. Loyamba ndi lakuti wokopa ayambe ndi mafunso ang'onoang'ono amene mnzace sangawakane, kuti atazolowera kunena inde, adzabvomerenso cinthu cacikuru. Carnegie ati njira imeneyi anaitenga kwa Socrates, wanzeru wa ku Athens. Apa wamnamizira mkuluyo. Socrates anali kufunsa mafunso kuti coona cioneke, ngakhale cipweteke, ndipo anakwiyitsa anthu ambiri kufikira anamweruza kuti afe m'caka ca 399 Kristu asanabadwe. Sanali munthu wofuna kukondedwa. Langizo laciwiri ndi lakuti wokopa acititse mnzace kuganiza kuti ganizolo ndi lace iye mwini. Ngati tanthauzo lace nlakuti munthu apatsidwe mpata wa kuganiza yekha, palibe coipa. Koma ngati wokopayo anatsimikiza kale kumene afuna kumfikitsa, ndiye kuti akumkoka ngati mbuzi ya cingwe, mbuzi iri kuyesa kuti ikupita kudambo mwa kufuna kwace.

Kuti njira zimenezi sizisankha mwini, aonetsa anthu awiri amene anaziphunzira. Warren Buffett, mmodzi wa anthu olemera kopambana pa dziko, anali kuopa kulankhula pa gulu ali mnyamata. Analowa maphunziro a Carnegie, ndipo wanena kawirikawiri kuti anamthandiza kwambiri. Charles Manson nayenso, monga asimba Jeff Guinn amene analemba mbiri yace m'caka ca 2013, anaphunzira nzeru za Carnegie ali m'ndende, nagwiritsa makamaka langizo laciwiri lija. Pambuyo pace anasonkhanitsa acinyamata omtsata, ndipo m'caka ca 1969 iwo anapha anthu ku Los Angeles potumidwa ndi iye. Carnegie alibe mlandu pa imfa zimenezo, monga wosula mpeni alibe mlandu wa wobaya mnzace. Koma wosula wabwino amapereka mpeni pamodzi ndi cimace, ndipo cimeneci ndico cisowa m'buku.

Cimene cisowa ndico muyeso wosiyanitsira kukopa koyenera ndi cinyengo. Muyesowo ulipo, ndipo ngwapafupi: wokopa adzifunse ngati angathe kuuza mnzaceyo poyera zimene akumcitira, mnzaceyo nkukhalabe wokondwa. Wogulitsa angathe kunena kuti, "Ndasunga dzina lanu cifukwa ndifuna kuti muzibweranso," ndipo wogula adzangoseka. Kapitao angathe kunena kuti, "Ndakuitanirani pambali kuti ndisakucititseni manyazi," ndipo wanchito adzathokoza. Koma palibe angathe kunena kuti, "Ndakufunsani mafunso atatu aja kuti muzolowere kubvomera," pakuti pomwepo malonda atha. Njira imene ifa ikaululidwa inali kudalira umbuli wa mnzaceyo, ndipo imeneyo ndiyo cinyengo ngakhale ibvale ulemu.

Palinso cina cimene buku liphunzitsa mopereweza, ndico kulimba mtima. Carnegie alangiza kuti mikangano izipewedwa, ndi kuti zolakwa za munthu zizisonyezedwa mozungulira. Masiku ambiri langizoli lithandiza. Koma lidzafika tsiku limene kalaliki wamng'ono adzapeza ziwerengero za ndalama zitasinthidwa, kapena namwino adzaona kuti mankhwala olembedwa apitirira muyeso, kapena wa mumgodi adzaona denga litang'aluka kapitao ali kuti lowani. Pa tsiku limenelo kuzungulira kupha anthu. Munthu ayenera kunena mwaulemu koma mosabisa kuti, "Bwana, apa palakwika," ngakhale adane naye. Wowerenga amene wazolowera kuyesa mau ace onse ndi funso lakuti kodi adzandikonda, adzapeza pakamwa pace patauma.

Tsono bukuli nloyenera kuliwerenga, makamaka kwa munthu wamanyazi ndi kwa munthu waukali, pakuti onse awiri adzapezamo mankhwala. Zimene linena za kumvetsera, za kubvomera kulakwa ndi za kusunga ulemu wa mnzako zidzathandiza wanchito aliyense. Lithandizanso mwa njira imene mwini wace sanaiganizire: amene waliwerenga adzazindikira msanga pamene wina ayamba kumtamanda ndi kumfunsa timafunso tokoma pofuna kumgulitsa cinthu. Koma za pamene ayenera kuleka kukopa ndi kulola mnzace akane, ndi za pamene ayenera kunena coona cosakondweretsa, wowerenga sadzazipeza mokwanira mwa Carnegie, ndipo ayenera kulowa nazo m'buku ali nazo kale.