On the Corner: Mbale ya Miles Davis ndi Muyeso wa Oweruza Ace

Mbale ya On the Corner inajambulidwa ku New York m'miyezi ya June ndi July 1972, ndipo kampani ya Columbia inaiturutsa mu October caka comweco. Mwini wace, Miles Davis, katswiri woomba lipenga, anali atamveka kale ndi mbale ya Kind of Blue ya 1959, imene anthu anaikonda cifukwa ca kudekha kwace. Koma pofika 1972 iye anaona kuti anyamata ndi atsikana akuda a ku America analikutsata James Brown ndi Sly Stone, osati jazi, ndipo anafuna kuwafikira.

Cifukwa cace anasintha mamangidwe a nyimbo. Maziko ace anakhala gitala wa besi wa Michael Henderson, wobwereza kayimbidwe kamodzi-modzi kosaleka. Pamwamba pace anasanjapo ng'oma, pamodzi ndi tabla ndi sitar za ku India. Lipenga analilumikiza ku magetsi, nilimalira mwa apa ndi apo ngati munthu wofuula pakati pa msika. Pambuyo pace Teo Macero anadula-dula tepi, naumba mbaleyo polumikiza zidutswazo.

Olemba za jazi ambiri anainyoza kwambiri, nayesa kuti ndi phokoso cabe ndi kuti Davis anataya luso lace pofuna ndalama. Ndiponso mbaleyo siinagulidwe monga iye anayembekezera. Komatu patapita zaka, oyimba acinyamata a hip hop ndi a nyimbo za makina anapezamo njira yao, ndipo mu 2007, Davis atamwalira kale mu 1991, Columbia inaturutsa zojambulidwa za nyengo ija pa mbale 6.

Kodi oweruza oyamba aja analakwa pati? Analakwa pa muyeso. Iwo analikufuna nyimbo yokhala ndi mutu, yoti woyimba mmodzi atsogole, anzace namtsata. Pamene sanaipeze anati palibe kanthu, osazindikira kuti cuma ca mbaleyi ciri m'kulukana kwa ng'oma. Ali yense amene anaimapo pabwalo la gule adziwa kuti ng'oma yobwereza siiri yosauka iai, pakuti ndiyo ipatsa zinzace malo osewerera.

Ngakhale ziri tero, mau ao sayenera kutayidwa onse. Kayimbidwe ka Black Satin kabweranso m'nyimbo zotsatira zace kwa nthawi yaitali, kotero kuti khutu limatopa. Ndipo lipenga, limene liri mphatso yeni-yeni ya Davis, libisika kawiri-kawiri.

Mphunzitsi wa mawa atolepo ici: woweruza ayambe wafunsa cimene mmisiri anafuna kucita, ndipo pambuyo pace aone ngati wacicitadi. Mwana akalemba nthano monga aikamba agogo ace, ndi kubwereza-bwereza kwace konse, asafulumire kuiyesa ndi muyeso wa kalata ya ku ofesi.