Eni Nthaka Pakhonde: Ahawaii pa Wailesi ya Kanema

Zilumba za Hawaii, zimene zili pakati pa nyanja ya Pacific, zinatchuka kwambiri chifukwa cha masewero a pa wailesi ya kanema. Owonera amasirira mchenga, migwalangwa ndi mafunde. Koma woonetsetsa amadzifunsa kuti: nanga eni nthaka ali kuti?

Titenge sewero la Hawaii Five-O limene linaonetsedwa kuyambira 1968 mpaka 1980. Mtsogoleri wa apolisi m'seweroli ndi Mzungu, Steve McGarrett. Iye ndiye amaganiza, kulamula ndi kutulukira zinsinsi. Mhawaii, Kono, ndi chimunthu chadzitho chimene ntchito yake ndi kutumidwa ndi kuthamangitsa mbava. Nzeru anazipereka kwa mlendo, mwini mudzi n'kumusiyira minofu.

Chopweteka koposa ndi malo amene olemba anaikapo likulu la apolisiwo: nyumba yachifumu ya Iolani. Mfumukazi Liliuokalani, imene inalandidwa ufumu mu 1893, inatsekeredwa m'chipinda cha nyumba yomweyi mu 1895, ndipo mu 1898 dziko la United States linatenga zilumbazi. Nyumba ya misozi ya mtundu wonse inasanduka ofesi ya mlendo m'sewero losangalatsa anthu.

Masewero otsatira sanasinthe kwenikweni. Mu Magnum, P.I. (1980 mpaka 1988) ngwazi ndi Mzungunso. The White Lotus ya mu 2021 inayesako kudzudzula: mnyamata Kai, wantchito wa pahotela amene amavinira alendo, akudandaula kuti malo a makolo ake analandidwa. Komabe olemba akumusandutsa wakuba, akugwidwa, ndipo nkhani ikubwerera ku mavuto a alendo olemera.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. M'masewerowa zinthu n'zopendeketsa: mlendo wakhazikika m'nyumba, mwini wake ali pakhonde kuvina hula ndi kuveka anthu nkhata za maluwa. Mwana wa Chihawaii akamaona zimenezi tsiku ndi tsiku, angayambe kukhulupirira kuti anabadwira kumwetulira ndi kutumikira basi.

Kusintha kunaoneka mu 2025 ndi sewero la Chief of War, momwe Jason Momoa ndi anzake akusimba nkhondo zogwirizanitsa zilumbazi, mbali yaikulu m'chinenero cha Chihawaii. Apa Mhawaii ndi mfumu, mlangizi, mkazi wanzeru, ngakhalenso wolakwa: munthu wathunthu.

Tsono poweruza sewero lililonse, tisakomedwe ndi kukongola kwa malo. Tifunse kuti akusimba nkhaniyo ndani, ndipo amene wangoima chete kumbuyoko ndani.