Kaligo ndi Kauta Kace

Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Livingstone, pafupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, inayamba m'caka ca 1934, ndipo mwa zina isunga zoimbira za makolo athu. Nchito imeneyi ndiitama. Koma kunena za kaligo, ndiganiza kuti kusunga kotere sikukwanira.

Kaligo ali ndi nsambo imodzi yokha. Mwini wace amaikunga ndi cikhomo kufikira igwirizane ndi mau ace, napaka utomoni pa kauta kuti kagwire nsambo. Pamenepo kaligo atsata nyimbo monga mnzace wobvomereza. Koma nsambo imaduka, cikopa cimauma, ndipo mlendo woyang'ana m'galasi sangadziwe makungidwe ace.

Bwana Hugh Tracey anacita bwino koposa pojambula mau a oimba kaligo ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, pakuti nyimbozo zimveka kufikira lero. Komabe mbale ya galamafoni siiphunzitsa dzanja. Cifukwa cace nditi, polandira kaligo wa nkhalamba tilandirenso kauta ndi utomoni, ndipo mnyamata akhale pambali pace kuphunzira, mwini wace asanatsikire kuli cete.