Funso la magetsi pa benchi ya mafoni ku Msundwe

"Kwanu magetsi alipo, amayi?" Mnyamata wina wogulitsa mafoni pa Msundwe, m'mphepete mwa msewu wopita ku Mchinji, amayamba ndi funso limeneli. Safunsa kuti mwatenga zingati, ndipo sayang'ana nsapato zanu. Ine ndimakonda kuima chapambali n'kumamumvetsera, chifukwa luso lake limanditenga mtima.

Mayi akangoti amatchajitsa kwa a sola, dzanja lake lafika kale pa itel yamabatani: batire lokhala masiku angapo, tochi, wailesi, ndi malo a makhadi awiri, Airtel ndi TNM, poti kumudzi netiweki ina imagwira pachulu pokha. Wa kabaza amamusankhira yolira kwambiri. Wogula soya ndi mtedza pasikelo amayamba wamufunsa kuti amatumiza ndalama kangati patsiku. Aphunzitsi amawatulutsira Tecno ya WhatsApp.

Pa mlimi wa fodya ndi pamene amachedwa dala. Akudziwa kuti ndalama za ku okushoni ya ku Kanengo zimabwera nyengo imodzi pachaka, ndipo mwini wake wafika mtima uli pa foni yonyezimira. Amaitenga, n'kuitembenuza, n'kuibweza pabenchi. "Bambo, iyi ikagwa m'chigafa, galasi lake simulipeza pano. Taonani iyi." Kugulitsa yotsika mtengo kwa munthu amene thumba lake ladzaza kumafuna mtima wolimba, ndipo mlimi uja akabweranso chaka chamawa amabwera ndi mlamu wake.

Makampani akuluakulu nawonso amagawa ogula. Dell ndi anzake, pogulitsa makompyuta osunga ntchito za ofesi yonse, amasiyanitsa bizinesi yaing'ono, yapakati ndi yaikulu, kawirikawiri powerenga antchito. Ngakhale mafoni ali pabenchi apa anagawidwa kale ku Shenzhen: kampani ya Transsion ndiyo mwini wa itel, Tecno ndi Infinix, dzina lililonse ndi thumba lake. Koma kuwerenga antchito sikungakuuzeni kuti munthu amayenda mtunda wotani kuti akatchajitse. Mnyamatayu amagawa anthu potengera ntchito ya manja awo, mtunda ndi mwezi.

Januwale akafika, ndalama zitapita ku feteleza ndi fizi, mafoni aakulu amawabweza m'katoni. Benchi yonse amaidzaza ndi mabatire, matchaja ndi timatochi.