Maina a Mpando wa Petro, pa Ng'oma ya ku Nguludi

Wamba ng'omayo pamoto, mwanawe, ikungike. Ilire pano pa Nguludi, imveke ku Njuli ndi ku Namadzi, igunde phiri la Chiradzulu nkubwerera. Lero tikutchula maina a mpando umene makolo athu adaumvera asanauone.

Inu a Petro, msodzi wa ku Galileya, Thanthwe, Msungamakiyi, Mkanakatatu tambala asanalire, amene adakupatsanibe nkhosa kuti muwete! Inu a Clement, Mlembakalata, mudamva muli ku Roma kuti Akorinto achotsa akulu a mpingo, inu nkuwalangiza ngati mwinimbumba poyanjanitsa ana a mlongo wake!

Tsitsa dzanja, woimba, apa pamveke bwino. Dzina loti Papa ndi la Chigiriki, ndi kaitanidwe ka mwana poitana bambo ake, ndipo kale silinali la munthu mmodzi. Heraclas wa ku Alexandria ankamutcha choncho m'zaka za m'ma 200, Cyprian wa ku Carthage chimodzimodzi. Onsewo a dothi lino la Africa! Lidatenga zaka mazanamazana kuti likhale la episkopi wa ku Roma yekha. Ine ndikamva gogo wa ku limana akulitchula m'pemphero, ndimati dzinali langobwerera kwawo.

Inu a Victor, mwana wa Africa, Mkalamulasindibweza, mudafuna kudula mipingo ya ku Asia pa mlandu wa tsiku la Pasaka, mpaka Irenaeus wa ku Lyon adakugwirani mkono. Mfumu yomva nduna zake nayonso timaiimbira. Inu a Leo, Mkango, kalata yanu idawerengedwa pa bwalo la maepiskopi ku Chalcedon mu 451, chaka chotsatira nkukakumana ndi mfumu yankhondo Attila mulibe mkondo m'manja, iye nkubwerera! Inu a Gelasius, Muuzamfumu, mu 494 mudalembera mfumu Anastasius kuti udindo wa ansembe ndi ulamuliro wa mafumu si mtolo umodzi!

Koma ng'oma yanga ikhalitse pa inu a Gregory, amene mudakhala pampando mu 590. Mnzanu wa ku Constantinople atavala dzina la mkulu wa dziko lonse, inu mudalikana, nkumadzitcha Mtumiki wa atumiki a Mulungu. Mtungiramadzi wa otunga madzi! Mgawansima wodya pomaliza! Mfumu yosenza nkhuni pamaliro! Mwa maina onsewo, ili ndi limene limandigwetsa misozi.

Mpando wakutali, Mtumawamithenga, amishoni anu a Montfort adafika pano kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Nyumba zawo zidapsa mu January 1915, m'masiku a John Chilembwe wa ku Mbombwe, nkumangidwanso. Mu May 1989 John Paul II adaponda Blantyre, Ambuye James Chiona nkumulandira, maso a anthu nkuona chimene makutu ankangomva.

Amayi a m'miphakati, nthungululu! Kweza dzanja tsopano, mwanawe, ilire mpaka ku Mombezi!