Wosema ndi Wogula

Kuseri kwa nyumba ina ku Emmasdale kuli mkulu wina amene amasema mitengo pansi pa mtengo wa mango. Zida zace ndi zocepa: sompho, mpeni ndi tupa. Akapeza cipika ca mukwa sathamangira kucitema ai, koma amacitembenuza masiku angapo kufikira ataona cimene cabisala m'katimo. Akuluakulu adanena kuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Caka cina mkuluyu anasema mai wokhala pansi atafukata mwana wodwala. Anagwirapo nchito miyezi itatu. Koma atapita naco cifanizoco kwa mwini sitolo wina m'tauni, uyo anacikana, nati alendo safuna zacisoni, amafuna njobvu ndi mvuu zokwana m'cikwama. Lero maiyo ali pakona ya khonde, fumbi liri mbuu.

Kodi analakwa ndani? Sitinganyoze anzathu a ku Kabwata Cultural Village amene amasema njobvu tsiku ndi tsiku, pakuti ana ao amadya za njobvuzo, ndipo manja ao ndi aluso ndithu. Koma tiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri. Njobvu ya zana limodzi imangobwereza yoyamba ija. Wosema amaidziwa asanayambe. Mai uja anaturuka kamodzi kokha, ndipo womuyang'ana amakumbukira usiku umene amace anacezera naye pa mphasa. Wogula amayesa cinthu ndi msika wace, ndipo kukana kwace sikutiuza kanthu za ubwino wa nchitoyo.

Taonani citsanzo ca Henry Tayali, amene anabadwira ku Serenje m'caka ca 1943, naphunzira ku Makerere m'dziko la Uganda ndi ku Düsseldorf ku Germany. Pa University of Zambia, m'mbali mwa mseu wa Great East, pali cifanizo cace cochedwa The Graduate: munthu wobvala mkanjo wa otsiriza maphunziro, buku ku dzanja lina, khasu ku dzanja linzace. Ena angati phunziro lace laonekeratu kwambiri, monga ulaliki wosasiya kanthu koti munthu aganizire yekha, ndipo mau amenewa ali ndi coonadi pang'ono. Komabe cifanizoci cimaluma, cifukwa ambiri a ife tikagwira buku timacita manyazi ndi khasu. Tayali anasemera ife eni dziko, osati mlendo wopita.

Iye anadziwanso kuti wosema sangadye matamando. M'caka ca 1986, pamodzi ndi Cynthia Zukas ndi Bente Lorenz, anayambitsa Lechwe Trust, bungwe losonkhanitsa nchito za amisiri a m'Zambia kuti zisungike kuno kwathu. Anamwalira m'caka ca 1987, ndipo nyumba yoonetseramo zojambula ndi zosema ya ku Showgrounds inachedwa dzina lace.

Tsono inu anyamata ndi asungwana amene mwaturuka m'sukulu, pitani mukaone zinthu zimenezi ndi maso anu. Mukaima patsogolo pa cosema musayambe ndi kufunsa mtengo wace. Yambani mwacizungulira, muone kumene mpeni unadutsa ndi kumene mmisiri anauletsa. Ngati eni dziko sitiphunzira kuyang'ana motere, amisiri athu adzangosema njobvu, ndipo mai uja adzadyedwa ndi ciswe pakhonde.