Chigamulo cha pa Benchi: Zimene Oonera Amadziwa za Luso Loseketsa

Kwa Mwase ku Kasungu, mabelo a fodya akayamba kupita ku okushoni ya Chinkhoma, malo oonetsera mafilimu nawo amadzaza. Anyamata ogwira ntchito m'minda, ana asukulu ndi azibambo ena amathinana pa mabenchi m'kachipinda kotchinga ndi nsalu, chimkuzamawu chili panja kuitana odutsa. Ena amangounjikana pakhonde la golosale mozungulira foni imodzi. Filimu ikatha, aliyense amatuluka ndi chigamulo chake. "Koma ameneyu ndi dolo." "Uyu ndi malume anga enieni." "Aaa, awa akungokuwa basi." "Makatuni ndi za ana."

Mawu amenewa salembedwa m'nyuzipepala, ndipo owanena sadziyesa akatswiri. Komabe ine ndimawalemekeza kwambiri, chifukwa mkati mwake muli muyeso weniweni wa luso loseketsa. Mlimi wa fodya akagwira tsamba m'chigafa amadziwa ngati lauma bwino, ngakhale sangakufotokozereni zimene zala zake zamva. Woonera filimu nayenso ali choncho: diso ndi khutu lake zimazindikira ntchito yabwino pakamwa pasanapeze mawu. Atatu mwa mawu anayiwa ndi oona, ndipo opanga mafilimu athu akuyenera kuwamvera. Achinayiwo ndi olakwika, ndipo akutitayitsa zambiri.

Tiyambe ndi "dolo". Mwa anthu amene amapatsidwa dzina limeneli m'midzi mwathu, Mr Bean ali patsogolo, chonsecho salankhula Chichewa, ndipo ngakhale Chingerezi amachilankhula mwa apo ndi apo. Rowan Atkinson anayamba kuonetsa munthu ameneyu pa kanema mu 1990. M'gawo loyambalo muli nkhani ya mayeso. Bean akulowa m'chipinda modzidalira, akuyala zolembera zambirimbiri pa desiki, kenaka akutsegula envulopu n'kupeza kuti mafunso ndi a mbali ya masamu imene sanawerenge. Nkhope ikugwa pang'onopang'ono. Akuyamba kusendera kwa mnzake, kutalikitsa khosi, kusuzumira, mnzakeyo akubisa pepala. Nthawi ili pafupi kutha m'pamene akumva kuti mu envulopu munali mapepala awiri, ndipo lachiwirilo linali la zimene anawerenga.

Aliyense amene anakhalapo pa mayeso a Sitandade 8 amayamba kuseka Bean asanachite kanthu. Chinsinsi chake ndi kudikira. Atkinson amalola woonera kuona tsoka likubwera chapatali, amamusunga m'malere kwa kanthawi, kenaka n'kumumasula. Akadafulumira pang'ono, anthu sakadakonzeka, akadachedwa, akadatopa. Kudziwa pamene uyenera kuima ndi pamene uyenera kugwa si mphatso yobadwa nayo yokha, ndi ntchito yobwereza. Charlie Chaplin, pojambula filimu ya City Lights imene inatuluka mu 1931, anabwereza kopitirira 300 kachigawo kamodzi kokumana ndi mtsikana wosaona wogulitsa maluwa, kufuna kuti kamveke popanda mawu. Munthu wa pa benchi akati "dolo", akuyamikira thukuta limene sanalione.

Kwathu kuno tinali ndi akatswiri a luso lomweli. Izeki ndi Jakobo, amene anali John Nyanga ndi Eric Mabedi a gulu la zisudzo la Kwathu, anaseketsa dziko lino kwa zaka zambiri pa siteji, pa wailesi ndi pa kanema. Ambiri pokumbukira amati Izeki ndiye ankaseketsa. Zoona, ndiye anali ndi mayankho okhota ndi nkhope yodabwa. Koma yang'anitsitsani zithunzi zawo zakale, muike maso pa Jakobo. Iye ndiye ankafunsa funso mwaulemu ngati munthu wanzeru zake, n'kukhala chete kuti mnzake atere bwino, n'kukhumudwa pa mlingo woyenera. Popanda munthu woima mowongoka pambali pake, kukhota kwa Izeki sikukadaoneka. Nyanga anamwalira mu 2016, Mabedi mu 2021, ndipo phunziro lalikulu limene anatisiyira ndi lakuti pa anthu awiri oseketsa, mmodzi ayenera kuvomera kusasekedwa. Achinyamata ambiri ojambula masiku ano safuna udindo umenewo. Aliyense akufuna kukhala Izeki.

Chigamulo chachiwiri, chakuti "uyu ndi malume anga enieni", ndi ulemu waukulu umene wosewera angalandire. Chikutanthauza kuti wosewerayo anakhala pansi n'kuonetsetsa anthu: momwe bambo wangongole amapatsira moni wautali asanafike pa nkhani, momwe mlamu wodzitama amagwedezera makiyi a njinga yamoto, momwe mayi amayankhira apongozi mawu ofatsa maso ali kwina. Manganya wa mu sewero la Tikuferanji, amene ankaseweredwa ndi Michael Usi, anakhazikika m'mitima ya anthu chifukwa mudzi uliwonse unali ndi Manganya wake. Ngakhale Aki ndi Pawpaw a ku Nigeria, Chinedu Ikedieze ndi Osita Iheme, anafika pokhala ngati ana a pamudzi pano chifukwa kuvuta kwawo kunali kodziwika kwa kholo lililonse. Kuseka kwa mtundu umenewu kumabadwa m'kuzindikira. Munthu amaseka chifukwa waona choonadi chimene ankachidziwa koma sanachitchulepo.

Khutu nalo limazindikira. Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, yonena za William Kamkwamba wa kwa Wimbe m'boma lomwe lino, itatuluka mu 2019, anthu ananyadira kuona kwawo pa kanema, koma sanalephere kumva kuti Chichewa cha osewera ena chinali chophunzira. Filimu yachisoni imatha kupirira zimenezo. Yoseketsa singathe, chifukwa nthabwala ya Chichewa imagona pa kamvekedwe: pa "eti" woikidwa pamalo pake, pa "kaya" wokokedwa, pa ulemu wonyanyira umene aliyense akudziwa kuti ndi mnyozo.

N'chifukwa chake omasulira mafilimu, amene anthu amangowatchula kuti ma DJ, ayenera kuwerengedwa ngati aluso. Amatenga filimu ya ku China, ku India kapena ku America, n'kuilankhulitsa Chichewa cha pa msika, kupatsa anthu ake mayina a kwathu ndi kusandutsa mizinda yakutali kukhala malo amene tikuwadziwa. Nkhani ya umwini wa mafilimuwo ndi yeniyeni ndipo siyenera kunyalanyazidwa, koma luso lilipo. Womasulira wabwino amadziwa kukhala chete pamene nkhope ya wosewera ikulankhula yokha. Wosadziwa amalankhula kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kufotokoza ngakhale zimene maso akuona, ndipo amapha nthabwala imene mwini filimu anaikonza mosamala. Oonera amawasiyanitsa awiriwa mosavuta, ndipo asanalipire pakhomo amafunsa kuti wamasulira ndani.

Chigamulo chachitatu ndicho chowawa: "akungokuwa basi." Foni yapatsa aliyense kamera, ndipo Facebook, TikTok ndi YouTube zadzaza ndi timasewero tathu. Ichi ndi chinthu chabwino, pakuti mnyamata wa kwa Mwase sakufunikanso kudikira kuti wina ku Blantyre amutsegulire khomo. Koma timasewero tambiri tilibe nkhani. Mwamuna wavala chitenje ndi duku, wina wadzipaka makala kumaso, onse akulankhula nthawi imodzi, ndipo pamapeto wina akuthamangitsidwa ndi chibonga. Pamwamba pake aikapo phokoso la anthu oseka lotengedwa kwina, ngati kuti woonera afunika kuuzidwa poti aseke. Nthabwala ikasowa, amatembenukira kwa amene sangayankhe: wachibwibwi, wolumala, wodwala misala, wolankhula Chichewa cha mtundu wina.

Makolo athu sankaseka choncho. Pa Chichewa nthabwala ili ndi mwambo wake. Msuweni amatha kunena msuweni wake mawu amene mlendo sangayerekeze kuwanena. Adzukulu amaseketsa anamfedwa pa maliro, ndipo palibe wokwiya, chifukwa udindo umenewo ndi wawo ndipo cholinga chake ndi kupepuza mitima. M'Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, muli zilombo zimene zimatsanzira mlendo wodzikuza, chidakwa kapena munthu wachiwerewere, ndipo bwalo limaseka khalidwe loipalo, osati chilema cha munthu. Wosewera amene akuloza chala kwa wofooka wasiya mwambo umenewu, ndipo oonera akamati "zachibwana" amakhala akumukumbutsa zomwezo.

Tsopano tifike pamene ndikusiyana ndi a pa benchi. Mawu akuti "makatuni ndi za ana" amanenedwa kawirikawiri ndi bambo amene waima kumbuyo kwa anawo, maso ali pa Tom and Jerry, akumwetulira. William Hanna ndi Joseph Barbera anayamba kupanga mphaka ndi mbewa amenewa mu 1940, ndipo ankaonetsedwa m'nyumba za kanema kwa akuluakulu ndi ana omwe. Timafilimu timeneti tinapata mphoto za Oscar zisanu ndi ziwiri. Taonani mmene Tom amachitira akapondedwa mchira: sakuwa pomwepo. Amayamba waima, n'kuyang'ana mchirawo, n'kuyang'ana ife, kenaka m'pamene amalumpha. Kanthawi kochepa kameneko sikangozi. Filimu imayenda ndi zithunzi 24 pa sekondi imodzi, ndipo m'masiku amenewo zithunzizo zinkajambulidwa pa manja, choncho wojambula ankachita kuwerenga kuti kudabwa kwa Tom kutenga zithunzi zingati. Nyimbo za Scott Bradley zinkatsata phazi lililonse. Ndi luso lomwe lija la kudikira, koma pano palibe wosewera woti angalipeze mwamwayi. Chilichonse chimachita kuganiziridwa.

Ndiponso nkhani ya wamng'ono wochenjera kugonjetsa wamkulu wadyera si yachilendo kwa ife. Ndi nkhani ya Kalulu ndi Fisi, imene agogo ankaisimba madzulo, akusintha mawu, akukokomeza mayendedwe, ana akuvomera kuti "tilitonse". Palibe amene ankati nthano ndi zopanda pake chifukwa omvera ndi ana. Tikamanyoza makatuni timatseka khomo la luso limene likadanyamula nthano zimenezi, ndipo mwana wodziwa kujambula kumbuyo kwa kope lake amauzidwa kuti akutaya nthawi. Anansi athu aonetsa kale kuti n'zotheka. Mu 2023 Netflix inatulutsa Supa Team 4, makatuni amene anayambitsa Malenga Mulendema wa ku Zambia, onena za atsikana anayi a mu Lusaka wa m'tsogolo. Ana athu akuyenera kumvanso Kalulu akunyenga Fisi m'Chichewa cha ku Kasungu, chojambulidwa ndi anthu odziwa mmene dambo limaonekera mvula ikangogwa.

Kwa inu amene mukujambula timasewero pa foni, langizo langa ndi ili. Lembani nkhani musanayatse kamera. Pezani mnzanu wovomera kukhala Jakobo. Yeserani kangapo, ndipo mukamaliza kaonetseni anthu a pa benchi musanaike phokoso la oseka. Akapanda kuseka okha, bwererani mukakonze. Kwa inu oonera, musamathere pa "n'zabwino" kapena "n'zachibwana". Nenani pamene mwasekera ndi chifukwa chake, muuzeni mwini sewero, ndipo amene wagwira ntchito yabwino mumulipire. Mwana wanu akamajambula, mugulireni pensulo ina. Oseketsa abwino amakula pamene pali oonera odziwa kufuna zabwino, ndipo oonera otere kwa Mwase alipo kale.